Momwe Mungapangire Yogati Pakhomo ndi Poto, Botolo ndi Bulangeti

Amene amasandutsa mkaka kukhala yogati ndi mabakiteriya amitundu iwiri, Lactobacillus bulgaricus ndi Streptococcus thermophilus. Amadya shuga wachilengedwe wa mumkaka n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amagwiranitsa mkaka n'kuupatsa kuwawasa kuja. Inu ntchito yanu ndi kuwasungira malo ofunda kwa maola angapo, basi.

Pezani mkaka lita imodzi ndi yogati wogula masupuni awiri akuluakulu. Yogatiyo akhale wopanda shuga kapena zipatso, ndipo pachigubu pakhale palembedwa kuti muli mabakiteriya amoyo. Poto, supuni ndi botolo muzitsuke ndi madzi owira.

Ikani mkaka pamoto wochepa, mukutakasa kuti usapserere pansi. Ukayamba kufuka nthunzi, tithovu tikuoneka m'mbali mwa poto, ndiye kuti wafika cha m'ma 85°C. Usiyeni choncho kwa mphindi 10 osaulola kusefukira. Kutenthetsaku kumapha tizilombo toipa komanso kumasintha mapuloteni a mumkaka kuti yogati adzagwirane bwino. Ngati mkaka ndi wongokamidwa kumene, apa ndiye posadumpha n'komwe. Okonda yogati wolimba athiremo mkaka waufa masupuni awiri kapena atatu.

Tsopano phulani, muuziziritse, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Mabakiteriyawa amasangalala pa 43°C mpaka 45°C. Mkaka ukatentha kwambiri amafa, ukazizira amagona. Choyezera kutentha sichofunika: sambani m'manja, viikani chala chaching'ono mumkaka, muwerenge mpaka 10. Ngati mukumva kutentha koma mukupirira bwinobwino, wafika. Chala chikathawa chokha musanamalize kuwerenga, dikirani kaye. Mukafuna zachangu, khazikani poto m'beseni la madzi ozizira. Kachikopa kamene kamayalana pamwamba kaja mukayengule.

Ikani yogati wogula uja m'kapu, muthiremo mkaka wofundawo pang'ono, musakanize mpaka zibuluma zithe, kenako mukhuthulire mupoto ndi kutakasa modekha. Musatengeke n'kuwonjezera masupuni poganiza kuti zifulumira. Akachuluka, yogati amatuluka wamibulumibulu ndiponso wowawasa mopyola.

Thirani m'botolo, tsekani, kulungani m'bulangeti, muike m'katoni pamodzi ndi botolo lina la madzi otentha. Amene ali ndi fulasiki mwayi wawo, chifukwa imasunga kutentha yokha. Ingoyambani mwaitsukuluza ndi madzi otentha. Zikatero siyani kwa maola 6 mpaka 8. Osatsegula, osagwedeza, osasuntha. Mtima wofuna kusuzumira umabwera ndithu, koma kutsegula kulikonse kumathawitsa kutentha, ndipo kugwedeza kumaswa mkaka umene wayamba kugwirana. N'chifukwa chake kupanga madzulo kumaposa masana: mumagona, n'kuiwalako.

Nthawi ikakwana, pendeketsani botolo pang'ono. Yogati wapsa amasuntha yense pamodzi, osayenderera. Ngati akadali wamadzimadzi, sinthani madzi otentha aja mumupatse maola ena awiri kapena atatu. Akakhalitsa amanka nawawasirawawasira. Muikeni mufiriji kwa maola 4 musanatakase, amalimbirako m'menemo. Timadzi tachikasu todikha pamwamba si vuto. Mutha kutisakaniza, kapena kumusefa yogatiyo pansalu yoyera kwa maola awiri kuti akhale wolimba ngati phala.

Musanathire shuga kapena zipatso, patulani masupuni awiri m'kabotolo koyera, oyambira ulendo wotsatira. Pakapita maulendo angapo mphamvu yake imatsika, ndiye mugule wina watsopano. Mufiriji yogati amakhala sabata imodzi bwinobwino.

Akakana kugwira ngakhale mwatsata zonse, kayikirani kutentha, kapena yogati woyambira kuti anali wokhalitsa. Mkaka wa ng'ombe imene ikulandira mankhwala opha mabakiteriya nawonso sugwira. Mukaona nkhungu, mtundu wapinki, kapena fungo loola, tayani osalawa.