Kuika manambala akuluakulu pa mzere wa manambala

Aphunzitsi ena a ku Kasungu afunsa kuti atani, poti ana awo a Sitandade 5 amangoloza paliponse akauzidwa kuika nambala ngati 602,305 pa mzere.

Aphunzitsi, tulukani nawo panja. Kokani chingwe cha mamita 10 pansi. Koyambira lembani 0, kothera 1,000,000.

Musanapite patali afunseni kuti pakati penipeni pali nambala yanji. Ena ati 5,000, ena 50,000, ndipo vuto lagona pamenepa. Pindani chingwecho pawiri, akambirane mpaka apeze okha 500,000. Akatero ikani mwala pa mita iliyonse, mwala uliwonse ukuwonjezera 100,000.

Tsopano apatseni manambala a kwawo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 842,953 m'boma la Kasungu ndi 602,305 ku Mchinji. Mwana ayambe ndi nambala ya kumanzere. Pa Kasungu, 8 akumuimika pakati pa mwala wa 800,000 ndi wa 900,000. Yotsatira ndi 4, ndiye kuti asafike pa theka la mpatawo, atsale pang'ono.

Ya Mchinji ndiyo imautsa mkangano. Ili masentimita awiri okha ndi kachidutswa kupitirira mwala wa 600,000, ndipo ana amakana, ati 2,305 ndi yambiri. Alekeni atsutsane kaye, kenako muwerengere limodzi: pa chingwechi sentimita imodzi ndi 1,000.

M'kalasi ajambule mzere wa masentimita 10 ndi rula m'makope, abwereze ndi manambala ena omwe mungawapatse.