Musanagule mabushi a polyurethane a galimoto yokalamba

Abale okonda galimoto zothamanga zakale, kaya ndi gusheshe (BMW 325i yakale ija) kapena Mazda MX-5, mabushi a labala (timalabala ta m'malo olumikizirana zitsulo za kunsi kwa galimoto) akang'ambika ambiri timathamangira a polyurethane, mtundu wa pulasitiki wonga labala. Ndi olimbadi, mafuta sawadya msanga, ndipo pokhota galimoto siyendanso ngati bwato.

Koma onani kaye nambala ya kulimba kwake. Pafupifupi 80A ndi yabwino pamsewu wa tsiku ndi tsiku, pomwe 95A, yolimba kwambiri ngati mabushi a Powerflex Black Series, ndi ya mpikisano ku Kyalami, bwalo la mipikisano ya galimoto la kufupi ndi Joni. Mukaika ya 95A n'kumayenda m'maenje a misewu ya ku Joni mvula ikagwa, msana wanu ndi umene udzalipire. Ine sindingayerekeze.

Musagule pongotchula dzina la galimoto. Yezani kunenepa kwa sway bar (chitsulo chochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota) m'mamilimita, chifukwa galimoto za mtundu umodzi zimasiyana malinga ndi chaka. Bushi yakale pitani nayo kusitolo.

Girisi ndiye nkhani yaikulu. Pakani wa silikoni amene amabwera m'paketimo, ndipo musaumire. Apo ayi, bushi ilira ngati bedi lachitsulo lakale pa hampu iliyonse mpaka anthu a ku Rosettenville, dera la ku Joni, akudziweni. Makaniko akamaliza, kapangitseni alayimenti tsiku lomwelo matayala asanadyeke mbali imodzi.