Mwana wokulira ku America opanda mapepala, DACA si green card

Abale amene munabwera ku America ndi ana pa viza ya alendo kenako viza ija n'kutha muli konkuno, ambiri tikumaganiza kuti mwana akangokulira kuno mapepala amabwera okha. Ayi ndithu.

DACA anaiyambitsa ndi Obama mu June 2012, imangoteteza mwana kuti asathamangitsidwe ndi kumupatsa chilolezo chogwira ntchito, zaka 2 basi kenako kukonzanso. Amafuna woti analowa asanakwane zaka 16 komanso wakhala muno kuyambira pa 15 June 2007, ndiye ana obwera cha m'ma 2010 mulibemo. Mu 2021 jaji Andrew Hanen wa ku Texas anagamula kuti DACA ndi yosemphana ndi malamulo, olembetsa atsopano anaimitsidwa. DREAM Act, bilu yomwe ikanapereka kwa ana oterewa green card (chilolezo chokhazikika ku America), inafika ku Congress (nyumba ya malamulo) mu 2001 koma andale akukokanabe, ena akuti anawa sanalakwe, ena akuti mukawapatsa mapepala mukuitana ena, pomwe mwana wamaliza high school bwinobwino koma thandizo la boma la federal la ku koleji sangalipeze.

Amene muli ndi DACA kale, konzani kutatsala masiku 120 mpaka 150 kuti ithe, ikatha n'kudutsa chaka amakutengani ngati watsopano. Kugwidwa mukuyendetsa galimoto mutamwa kukhoza kukuchotserani DACA. Maliro akachitika kumudzi, inde zimapweteka kwambiri, koma musakwere ndege opanda advance parole (chilolezo chotenga musanatuluke kuti mudzathe kubwerera), mukhoza osabwereranso.

Amene mwana wanu alibe DACA, yang'anani zaka 18. Asanafike pamenepo masiku okhala opanda chilolezo sawerengedwa, koma akangokwana 18 ayamba kuwerenga, akapitirira masiku 180 n'kutuluka muno amaletsedwa kubwerera zaka 3, chikakwana chaka ndiye zaka 10. Kaonaneni ndi loya weniweni wa za immigration mwana ali ndi 16 kapena 17, osati aja odzaza mafomu pa sitolo. Pasipoti yakale ija yokhala ndi chidindo cholowera musataye, imaonetsa kuti analowa movomerezeka, sungani pamodzi ndi malipoti a sukulu ndi makadi a katemera.

Ndipo chonde muuzeni mwana zoona, ambiri amadziwira ku DMV, ofesi ya za magalimoto, akufuna laisensi. Mumuuzenso kuti pa fomu iliyonse, kaya ya ntchito kaya yovotera, asadzachonge kuti ndi US citizen, bodza limenelo likhoza kumutsekera green card moyo wake onse.