Kujambula mumatha, nanga mtengo mumautchula bwanji?

Ojambula ndi penti ambiri luso ali nalo, vuto limayamba munthu akangofunsa kuti "ichi ndi zingati?" Apa mpamene wojambula amayamba kukanda m'mutu, kuyang'ana kaye nsapato ndi foni ya kasitomala kuti aone ngati ndi wa ndalama, kenako nkutchula mtengo wongobwera m'mutu. Mawa wina afunsa chithunzi cha saizi yomweyo, mtengo wasintha. Ogula zojambula amadziwana ndipo amakambirana, amene analipira zambiri akadzamva kuti mnzake anatenga pa theka basi mwamutaya, sabweranso.

Nde choyamba khalani ndi masamu anu a mtengo. Njira yosavuta ndi iyi: yezani chithunzi mulitali ndi mulifupi, phatikizani, kenako chulukitsani ndi nambala imodzi imene mwasankha. Chithunzi cha masentimita 60 ndi 40 chikupatsani 100, ngati nambala yanu ndi 5 mtengo ndi 500 pa ndalama zimene mumagwiritsa ntchito, cha 30 ndi 20 chikhala 250. Ena amachulukitsa mulitali ndi mulifupi, zimathekanso koma zithunzi zazikulu zimadula mopitirira pomwe zazing'ono zikutsika kwambiri, ine ndimakonda yophatikizayi. Nambalayo musaitole m'mwamba, werengani penti, kanvasi, maburashi, felemu ndi maola amene mwakhala pansi, muonenso kuti anzanu a msinkhu wanu pa ntchitoyi akugulitsa bwanji, ndikunena zimene zagulidwadi osati zongolembedwa mtengo. Yambirani pansi pang'ono nkumakweza zinthu zikamayenda, chifukwa kukweza nkosavuta koma kutsitsa kumakhumudwitsa onse amene anagula kale. Ndipo chithunzi chimene mumachikonda kwambiri musachiike mtengo wapadera, ngati mtima sukulola ingolembani kuti sichogulitsa.

Za ma gallery, malo oonetsera ndi kugulitsira zojambula. Ambiri amatenga komishoni ya pafupifupi theka la mtengo, ena mochepera, ndipo nthawi zambiri sakugulani chithunzicho, amangochisunga nkukulipirani chikagulidwa. Anthu amadandaula kuti theka ndi lochuluka, koma gallery yabwino imalipira lendi, magetsi, antchito komanso ili ndi mndandanda wa ogula amene inu nokha simungawafikire. Chofunika nchakuti mtengo wa ku gallery ndi wa kunyumba kwanu ukhale umodzi. Kasitomala akaona chithunzi kumeneko nkubwera kwa inu mozemba kuti "tichotse wapakatiyu mundipatse motchipa", mukalola mwadya lero lokha, eni gallery akamva akuchotsani pakhoma ndipo auzanso anzawo. Musasiye chithunzi chilichonse opanda pepala losainirana: dzina la chithunzi, saizi, mtengo, komishoni, adzakulipirani pakatha masiku angati chikagulidwa, angatsitse mtengo mpaka pati osakufunsani, chikawonongeka kapena kubedwa alipira ndani, ndipo chikapanda kugulidwa mudzachitenga liti. Ngakhale mwini wake akhale mnzanu wapamtima, lembani.

Maoda ndiye pamene pamalira anthu ambiri. Munthu akuti mundijambule mayi anga, inu mwagula zipangizo ndi ndalama zanu, mwagona mochedwa masabata awiri, pomaliza akuti mphuno siyikufanana kapena foni sakuyankhanso, nde chithunzi cha mayi a eni mukagulitsa kwa ndani? Dipoziti kaye, pakati pa 30 ndi 50 peresenti, yosabwezedwa, burashi isanakhudze kanvasi. Muwatumizire sikechi avomereze pa meseji kuti pakhale umboni, mugwirizane kuti kusintha ndi kawiri kokha kwinako nkolipira, ndipo chithunzi chisachoke m'manja mwanu ndalama yotsala isanalowe. Amene wakwiya ndi dipoziti ameneyo sanali woti alipira. Pa tsiku limene mukulonjeza kumaliza onjezerani masiku, makamaka ngati mumagwiritsa ntchito penti ya oil imene imauma mochedwa, vanishi yake yeniyeni imadikira miyezi 6 mpaka 12, pomwe acrylic imauma tsiku lomwelo.

Pali china chimene ojambula ambiri sadziwa, kugulitsa chithunzi sikugulitsa copyright. Wogula watenga chinthucho akapachike pakhoma, koma ufulu wochisindikiza pa ma T-shirt, makalendala kapena chikuto cha buku ukadali wanu pokhapokha mutasainira kuti mwaupereka. Mayiko ambiri ali mu pangano la Berne la 1886, limene limati ufuluwu umayamba mukangomaliza ntchito osachita kulembetsa, ndipo umakhalapo moyo wanu wonse kuphatikiza zaka zosachepera 50 mutamwalira. Kampani ikafuna chithunzi chanu ipatseni chilolezo cha ntchito imodzi, kwa nthawi yodziwika, pa mtengo wake. Zoti "sitikulipirani koma mutchuka" zija penti sizigula. Mukamapanga ma print (makope osindikiza a chithunzi chanu) owerengeka lembani nambala ndi pensulo m'munsi, monga 3/25 kutanthauza yachitatu mwa 25, musaine, ndipo akakwana 25 imani pomwepo, kuonjezera mobisa ndi kuba kwa amene anagula.

Pa intaneti anthu sagula chithunzi chanu, amagula foto yake. Ijambuleni masana pamthunzi kapena pafupi ndi windo, flash ayi, foni ilunjike pakati kuti makona asapindike, ina muitenge pafupi kuti penti ioneke mmene yakhalira, ina chili pakhoma pafupi ndi mpando kuti munthu adziwe kukula kwake. Sungani fayilo yayikulu yoti isindikizike pa 300 dpi (mlingo woti foto ituluke yooneka bwino papepala) chithunzi chisanapite. Pa Instagram kapena Facebook lembani saizi, zipangizo ndi mtengo poyera, za "bwerani ku inbox" zimathawitsa anthu amanyazi omwe mwina ndi amene akanagula. Akuba nawonso ali komweko: wina alemba kuti akufuna mphatso ya mkazi wake, atumiza ndalama "zopitirira mwangozi" nkupempha kuti mubweze zotsalazo, pakapita masiku mupeza kuti malipiro aja anali abodza. Wina akuti agula ngati NFT (umwini wa chithunzi wogulitsidwa pa intaneti ndi ndalama za crypto) bola mulipire kaye kandalama kolembetsera pa webusayiti yake. Wogula weniweni sakuuzani kuti muyambe ndinu kulipira.

Potumiza, pulasitiki ya timabaluni ija isakhudze penti chifukwa imasiya timadontho, yambani ndi pepala la glassine (lopyapyala, losalala, losamatirira), tetezani makona ndi katoni, ndipo ndalama yotumizira ikhale yapadera kasitomala aidziwiretu.

Ntchito yotopetsa kwambiri ndi kaundula, koma ndi imene imabweretsa ndalama. Wojambula wotchuka Vincent van Gogh anamwalira mu 1890 atagulitsa zochepa kwambiri, mng'ono wake Theo anatsatira mu 1891, ndipo amene anamutchukitsa ndi mkazi wa Theo, Johanna, amene anasunga zithunzizo, kuzitumiza ku zionetsero ndi kumagulitsa mosamala kwa zaka zambiri. Ambirife tilibe Johanna, nde kope kapena spreadsheet ikhalepo: chithunzi chilichonse, chaka, saizi, mtengo, chili kuti, anagula ndani ndi nambala yake. Wogula aliyense mpatseni lisiti ndi kapepala kosainidwa kotsimikiza kuti ntchitoyo ndi yanu. Mukamaliza zatsopano yambani mwatumizira amene anagulako kale musanaposte, kungoti "ndamaliza zitatu izi, ndati muone inu kaye", osakakamiza, kawiri kapena katatu pachaka nkokwanira.