Musanafuule kuti "amubera", lembani mapointi a raundi iliyonse

Nkhonya zolimbirana lamba za ku Las Vegas zimatipeza mbandakucha kuno ku Mangochi, ndipo zikathera kwa majaji, mkangano umachoka pa kanema mpaka kukafika kumsika. Vuto ndi loti ambiri timaweruza nkhondo yonse pamodzi, pomwe majaji atatu aja amaweruza raundi iliyonse payokha, n'kupereka kapepala kawo raundi ina isanayambe.

Ndiye konzani pepala. Jambulani mizere 12, popeza amuna amamenyana maraundi 12 a mphindi zitatuzitatu, n'kumapuma mphindi imodzi pakati. Belu likangolira, lembani m'mphindi yopumayo, musanamve maganizo a mnzanu, ndipo mukalemba musafufutenso.

Wopambana raundi amapatsidwa 10, winayo 9. Wina akagwetsedwa, kawirikawiri zimakhala 10-8, akagwa kawiri 10-7. Woyimbira akalanda pointi chifukwa cha kugunda ndi mutu kapena kumenya kunsi kwa lamba, ichotseni inunso. 10-10 ndi yololedwa, koma isakhale pothawira mukasowa chosankha.

Ntchito yeniyeni yagona posankha mwini 10 uja. Choyamba ndi nkhonya zofika bwinobwino pankhope kapena pathupi. Yogwera pa golovesi kapena pachigongono imalira kwambiri, anthu n'kudzuka m'mipando, koma siwerengedwa. Yang'anani womenyedwayo: mutu wagwedezeka? Miyendo yalefuka? Watsitsa chigongono kuteteza nthiti, kapena wam'kumbatira mnzake kuti apume? Yapamimba ndiyo imatiphonya kwambiri, chifukwa maso athu amakhala kunkhope. Chachiwiri ndi kuthamangitsa mdani kwaphindu; kungopita kutsogolo uku ukulandira zibakera si kupambana ayi. Kenako onani amene akulamula kuti amenyanirane pati, pakati kapena kuzingwe, komanso amene akuzinda bwino. Ziwiri zomalizazi zikuthandizeni pokhapokha nkhonya zofika zikafanana.

Chenjerani ndi masekondi 20 omaliza. Ankhonya ochenjera amadziwa kuti munthu amakumbukira chomwe wangoona kumene, choncho amawaza zibakera belu litatsala pang'ono kulira. Raundi ndi mphindi zitatu zonse. Magazi nawonso amanamiza, poti chilonda chapachikope chikhoza kubwera pogundana mitu. Ngati n'kotheka tsitsani mawu a kanema, kuti owulutsa asakuweruzireni.

Pophatikiza, 115-113 ndiye kuti wina watenga maraundi 7, mnzake 5. 116-112 ndi 8 kwa 4. 114-114 agawana pakati. Koma wotenga maraundi 7 akagwetsedwa kamodzikamodzi m'maraundi awiri mwa omwe waluza, zimathera 113-113. Apa m'pamene anthu opanda pepala amapsera mtima.

Tsopano mkangano. Pa raundi iliyonse imene munakayika, muziika kanyenyezi. Poyerekeza mapepala, siyani maraundi omwe mwagwirizana, mukambirane a kanyenyezi okha, ndipo muwaonerenso ngati pali pobwereza. Wina akawina maraundi asanu moonekeratu, mnzake anayi, atatu n'kukhala okayikitsa, 115-113 ikhoza kupita mbali iliyonse popanda wakuba. Jaji aliyense amakhalanso mbali yakeyake ya ringi, ndiye nkhonya ina imabisika ndi msana wa woyimbira.

Sikuti majaji salakwa. Mu 2017, Canelo Álvarez ndi Gennady Golovkin atalepherana, Dave Moretti analemba 115-113 kwa Golovkin, Don Trella 114-114, koma Adalaide Byrd anapereka 118-110 kwa Canelo. Awiri oyambawo anasiyana ndi raundi imodzi yokha, zomwe n'zomveka. Wachitatuyo anam'patsa Golovkin maraundi awiri basi pa 12, ndipo pepala lotere ndi lomwe liyenera kufunsidwa.

Mukafuna poyeserera, funani nkhonya ya Isaac Chilemba wathu ndi Tony Bellew ya ku Liverpool mu 2013, yomwe majaji anati alepherana. Ioneni awiri, aliyense ndi pepala lake, musalankhulane mpaka belu la raundi 12 litalira.