Mmene mungazindikirire Biles, Dos Santos ndi mapidigoli ena a jiminasitiki ya azimayi

Amene mumaonera jiminasitiki pa foni, kaya pa YouTube kaya timavidiyo ta pa Facebook tija, mwamvapo wolengeza akukuwa kuti Silivas! kapena Biles II! pomwe inu mwangoona mwana wamkazi wauluka nkutera basi. Mayinawo ndi a anthu enieni. Bungwe la FIG, loyang'anira jiminasitiki pa dziko lonse, lili ndi buku la malamulo, Code of Points, ndiye mtsikana akabwera ndi kadumphidwe katsopano amakalembetsa mpikisano usanayambe, akakachita osagwa pa mpikisano waukulu ngati wa dziko lonse kapena Olimpiki kamalowa m'bukumo ndi dzina lake. Ndipo mutha kumazitchula nokha wolengezayo asanayankhule, bola kudziwa chowerenga.

Yambani ndi kudawunilodi vidiyoyo kuti mamega a Movitel asakuthereni chifukwa muibwereza kambirimbiri, kenako tsitsani liwiro lifike pa 0.25. Pa liwiro lake lenileni diso silingagwire kanthu ayi.

Zowerenga zilipo zitatu ndipo osaziphatikiza nthawi imodzi, mubalalika. Ulendo woyamba werengani mapidigoli okha, kuti mutu wadutsa pansi kangati. Bwezani. Ulendo wachiwiri muone kupotoloka, kuzungulira kuja ngati nguli ali m'mwamba momwemo, apa ine ndimayang'ana nambala imene amamata kumsana ija kuti yaonekera kangati. Ulendo wachitatu muone thupi: mawondo apindidwa pachifuwa, kapena miyendo ndi yowongoka koma wapindika m'chiuno, kapena thupi lonse lili njo. Mukamaonera mavidiyo a ku Brazil mumva akuti grupado, carpado, esticado, ndi zomwezi.

Tsopano tengani mapidigoli awiri chambuyo, mawondo pachifuwa. Akapotoloka kamodzi ndi Mukhina, kawiri ndi Silivas, dzina la Daniela Silivaș wa ku Romania wa zaka za m'ma 1980 uja, katatu ndiye Biles II imene Simone Biles analembetsa ku Stuttgart mu 2019. Mwaona, ndi banja limodzi, kungowonjezera kupotoloka. Kuvuta kwake amakupatsa chilembo, A ndi 0.1, B ndi 0.2 choncho choncho, ndiye Mukhina ili pa E, Silivas pa H, Biles II pa J imene ndi 1.0 yathunthu.

Banja lina ndi la thupi lowongoka, mapidigoli awiri chambuyo omwewo. Kupotoloka kamodzi ndi Chusovitina. Mayi ameneyu, Oksana Chusovitina, ine ndimamupatsa ulemu heve, wapikisana pa ma Olimpiki 8 kuyambira 1992 ndipo ku Tokyo anali ndi zaka 46 akudumphabe ndi ana oti angawabereke. Kupotoloka kawiri ndi Moors, ya Victoria Moors wa ku Canada, 2013, chilembo I. Koma imene imapusitsa anthu ambiri ndi Biles yoyamba ija, ya ku Antwerp mu 2013, chifukwa amangopotoloka theka lokha kumapeto kwenikweni. Apa yang'anani potera. Ena onsewa amatera atayang'ana kumene achokera, koma pa Biles amatera atayang'ana kutsogolo kumene amapita, pansi sakupaona mpaka mapazi atagunda, nchifukwa chake ambiri akatera amangopitiriza ndi kadumphidwe kena kuti mphamvu ija ithere m'mwamba.

Ya Daiane dos Santos wa ku Brazil, amene anawina golide wa dziko lonse ku Anaheim mu 2003, ili ndi kayambidwe kena. Amanyamuka chambuyo, nthawi yomweyo nkupotoloka theka, ndiye mapidigoli awiriwo amawachita chakutsogolo miyendo yowongoka atapindika m'chiuno. Lembani duplo twist carpado pa YouTube muipeza. Akaichita thupi lonse lowongoka imeneyo ndi Dos Santos II. Kusiyanitsa ndi Biles nkosavuta, theka la Dos Santos lili koyambirira, la Biles lili kumapeto.

Osamangodikira mapidigoli okha, pakati pa kuvina paja palinso mayina. Akazungulira kawiri pa mwendo umodzi atagwira mwendo winawo m'mwamba pafupi ndi khutu ndi Memmel. Kanayi pa mwendo umodzi ndi Gomez. Katatu atanjuta, mwendo wina atautambasulira kumbali, ndi Mitchell, ya Lauren Mitchell wa ku Australia, imaoneka yosakongola kwenikweni koma yesani kungonjuta choncho pa simenti muone mmene bondo limawawira.

Ndinenepo za ana athu, chifukwa kuno ku Ulongue ngakhale ku Moatize pamchenga wa Revúbuè anyamata ndi atsikana amamenya ma mortal, mapidigoli a m'mwamba aja, bwino kwabasi ndipo akaona vidiyo amafuna ayesere tsiku lomwelo. Chonde makolo ndi aphunzitsi, auzeni kuti bwalo la pa vidiyolo si pansi wamba. Ndi la mamita 12 mbali zonse, pansi pake pali masipuling'i ndi siponji yofewa, ndipo pophunzira amayamba kugwera m'dzenje lodzaza masiponji mphunzitsi ali pambali. Elena Mukhina yemwe uja anathyoka khosi mu 1980 akuyeserera kadumphidwe kotera mogubuduka kotchedwa Thomas, anakhala wolumala mpaka kumwalira mu 2006, ndipo kadumphidwe kameneko anakaletsa. Mapidigoli awiri pa dothi kapena pa kapinga wa pasukulu ayi ndithu. Ngati mwana akufuna china chokhala ndi dzina ayambe ndi Popa, kudumpha m'mwamba miyendo atatambasula nkuzungulira kamodzi, imeneyo atha kuiphunzira pang'onopang'ono.

Poyeserera kuwerengaku sakani fainolo ya jiminasitiki ya pansi (floor) ya pa Olimpiki ya ku Paris ya pa 5 Ogasiti 2024, imene Rebeca Andrade wa ku Brazil anawina ndi 14.166, Biles nkupeza 14.133 atadulidwa 0.6 chifukwa chotuluka mzere kawiri. Kudumpha koyamba kwa Biles ndi Biles II, ndakuuziranitu. Katatu kotsalako werengani nokha, muyambe ndi mutu.