Mmene ndinakonzera mayendedwe a sitima pa njanji zanga ziwiri zazing'ono

Nditawonjezera njanji yachiwiri pa njanji zanga zazing'ono zoseweretsa za sikelo ya OO, ya 1:76 (kutanthauza kuti n'zochepa maulendo 76 poyerekeza ndi zenizeni), zomwe zimatsanzira za ku Britain, masiginolo anasiya kugwirizana ndi kumene sitima zinkalowera. Ku Britain, monganso ku Japan, sitima zimayenda pa njanji ya kumanzere, pamene ku Germany ndi madera ambiri a United States zimayenda kumanja. Pa njanji zozungulira, zimenezi zikutanthauza kuti sitima ya pa njanji yakunja iyenera kutsata kumene mivi ya wotchi imalowera, ndipo ya pa njanji yamkati iziyenda mosemphana nayo.

Popeza ndimagwiritsa ntchito magetsi a DC, omwe amayenda molowera mbali imodzi moti kusinthanitsa mawaya kumasintha kumene sitima ikulowera, ndinangosinthanitsa mawaya awiri opita ku njanji iliyonse, kenako ndinaimika masiginolo kumanzere kwa sitima. Vuto lalikulu linali pa mphambano yolumikiza njanji ziwirizo, chifukwa magetsi a mbali ziwirizi ankagundana n'kuzima. Ndinaika zolumikizira zapulasitiki, zomwe sizidutsa magetsi, pa zitsulo zonse ziwiri pakati pa mphambanoyo kuti njanji iliyonse ikhale ndi makina ake oyendetsera, ndipo sitima ikamawoloka ndimaonetsetsa kuti makina onse awiri akuiyendetsa molowera mbali imodzi.

Mphambanoyo ndinaitembenuzanso kuti sitima izilowamo chobwerera m'mbuyo, monga momwe makampani akale a njanji ku Britain ankachitira pofuna kuchepetsa ngozi. Ntchito imeneyi inandidyera nthawi yambiri, koma ndimaona kuti inali yoyenera, chifukwa tsopano sitima yothamanga singapatukire mwangozi pa njanji ya inzake.